Mlonda wa Tulo ta Jesinta

Amuna anga, a Laurenti, anagwira ntchito ya ulonda zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo ankauza aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe, kuti sanagonepo pantchito ngakhale tsiku limodzi. Ankanena ku mphakati tikatha mapemphero, ankanena pamaliro, ankanena mu minibasi ya Bangwe kwa munthu amene wangowapempha kuti asendere. Ine Magi, mkazi wawo, nkhaniyi ndinaimva mpaka makutu kuwawa. Ndinkangowayankha kuti, "Tamva, bambo a Jesinta, mendulo yanu ikubwera pa positi."

Tinachoka ku Nsanje tili achinyamata, iwo atasenza sutukesi ya malata, ine mphasa ndi mapoto awiri. Bangwe anatilandira ndi chiperoni. Ife a kuchigwa tinazolowera kugona thukuta lili kamukamu, ndiye mwezi wa Juni woyambawo ndinkalira kuti tibwerere. Iwo anakana. Anapeza ntchito yolondera nyumba yosungiramo katundu ya a Hussain ku Limbe, ine ndinapeza benchi mumsika n'kuyamba kugulitsa milamba youma yochokera kwathu. Ankanyamuka dzuwa likupendeka, atavala chijasi chofika m'maondo, tochi m'thumba, chibonga kukhwapa, n'kubwera m'mawa ine ndikumanga dengu. Tinkangopatsana moni pakhomo. Ukwati wathu unali wotero, ndipo sindidandaula, chifukwa munthu ameneyu sanandikwezerepo dzanja ngakhale pakamwa pangapa pali pa moto.

Mulungu anatipatsa ana atatu, natisiyira mmodzi, Jesinta.

A Laurenti anapuma ntchito mu 2012, maondo atakana. Ine ndinati tsopano ndigona ndi mwamuna m'nyumba ngati anzanga. Ndinadzinamiza. Usiku ankangogubuduka pabedi, maso ali gwa kudenga, kenako n'kudzuka kukagwedeza loko wa chitseko, kubwera, kudzukanso kukasuzumira nkhuku. Ndikakalipa ankati, "Thupi la mlonda limenelo, mayi a Jesinta. Ndi mphamvu." Masana ankangokhala mbuu, ngati nkhuku ya chitopa, koma osagona kwenikweni.

Mu 2015 Jesinta anasankhidwa kukaphunzira unamwino. Tsiku limenelo a Laurenti anayenda Bangwe yense ndi kalatayo m'thumba la jekete. Sukulu ankamulipirira anthu ena achifundo kudzera ku tchalitchi, ndipo anatiuziratu kuti wobwereza kalasi samuthandiza. Chaka choyamba anagonera kukoleji. Chachiwiri malo ogona anachepa, ndiye anabwerera kunyumba, akuyendera minibasi, atanyamula laputopu yakale imene anagula kwa mnzake wa m'kalasi, Doris, mwana wa ku Rumphi wokhala ku Chilomoni.

Apa ndi pamene ndinadziwira kuti sukulu ya masiku ano imalowa m'nyumba ya munthu osagogoda. Aphunzitsi awo ankaika maphunziro pa intaneti: mavidiyo oonetsa mmene amaikira diripi, mmene amasambitsira wodwala, manotsi, ndi timayeso totseka pa ola lake. Intaneti ya masana inali yodula, koma panali bandulo yotchipa yoyamba 12 koloko usiku mpaka mbandakucha. Ndiye kalasi yonse inkadzuka pakati pa usiku ngati afiti. Kwathu kuno netiweki inkagwira pawindo la pabalaza pokha. Jesinta ankaika foni pawindopo, pamwamba pa kapu yovundikira, foniyo n'kumapatsira laputopu. Vidiyo imodzi kuti itsike yonse, abale, unkatha kuphika nyemba. Pagalasi pankayenda kamzere kobiriwira, pang'onopang'ono, kenako n'kuima. Kakaima umafunika udine kuti kayambirenso. Ukapanda kudina, m'mawa upeza palibe chachitika. Choncho mwana ankakhala pamenepo, maso pa galasi, ndipo podikirapo ankatenga foni n'kumacheza ndi anzake pa gulu lawo la WhatsApp, kufunsana kuti iwe wafika pati, ine ndawerenga mpaka apa, kuopsezana okhaokha mpaka tambala woyamba.

Amene anasangalala ndi a Laurenti. Anapeza mnzawo wa usiku. Anayamba kumuphunzitsa mwana nzeru zonse za pageti: mapazi m'beseni la madzi ozizira, tiyi wamasamba ambiri wopanda mkaka, kutafuna khungu la ndimu, osatsamira mpando, juzi avule kuti chisanu chizimutsina. Ndinkawamva ndili kuchipinda.

"Pakadafunda padajiwitsa, mwananga. Mwana wa mlonda sawodzera."

Ndinayankhula. Musaganize kuti sindinayankhule, ine si wosunga mawu m'mimba. Ndinati mwanayu akutha, taonani makosi a bulauzi akulendewera. Onse awiri anandiyang'ana ngati ndalowa m'kalasi mwawo ndi dengu la nsomba. Jesinta anati, "Amayi, aliyense akuchita chonchi. Ndikagona anzanga andisiya." Bambo ake anangogwedezera mutu, monyada.

Miyezi itatu inapita. Maso a mwana anafiira, mutu unkamuwawa tsiku ndi tsiku, ndipo anayamba kundiyankha mokalipa, chinthu chimene sanachitepo. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi wa bambo ake, iwo n'kumwa osanena kanthu. Lamlungu lina ku Misa anagona pa phewa langa nthawi ya ulaliki, dovu mpaka pa chilundu changa cha Amayi Achikatolika. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti ngakhale tsiku lopanda chotsitsa, akalowa m'bulangete 8 koloko, tulo sitinkabwera. Ndikasuzumira ndinkaona nkhope yake ikuwala ndi foni pansi pa chofunda.

"Zimitsa chimenecho, Jesinta."

"Ndikazimitsa n'chimodzimodzi, amayi. Ndikatseka maso ndimaonabe kuwala."

Nthawi imeneyo n'kuti atayamba mapulakitiko, kugwira ntchito muwodi ya chipatala moyang'aniridwa. Lachiwiri lina, dzuwa lili pamutu, ndinangomuona waima kutsogolo kwa benchi langa mumsika, yunifolomu ili m'thupi. Sanandipatse moni. Anazungulira n'kukhala pansi kuseri kwa matumba a milamba, malo onunkha amene ankawakana kuyambira ali ku sekondale. Ndinasiyira mnzanga wa benchi loyandikana kuti azindigulitsira, n'kukhala naye pansipo.

Anafotokoza. Kuwodi anamuuza kuti akhale pafupi ndi mayi wina wachikulire, ayang'anire diripi, ikatsala pang'ono kutha aitane. Anakhala pa kasitulu. Chotsatira chimene anamva ndi mwana wa wodwalayo akumugwedeza. Diripi inali itatha, magazi ayamba kukwera m'kapaipi. Mayiwo sanavulale, tithokoze Mulungu, koma wodi yonse inaona nesi wophunzira atagona 11 koloko masana. Ndipo kanali kachiwiri, chifukwa sabata yapitayo analemba bipi ya wodwala wina mu fayilo ya wina, ife osatiuza.

Mkulu wa wodiyo, Sisita Ida, anamuitanira mu ofesi. Sanakalipe. Anati kwatsala masabata asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lomaliza adzamuyesa okha pabedi la wodwala. Akadzamuonanso akusinza, kapena manja akunjenjemera, buku lake la mapulakitiko sadzasaina. Popanda siginecha imeneyo ndiye kubwereza chaka, ndipo kwa ife kubwereza kunali kutha kwa sukulu.

Madzulo ake a Laurenti anandimva. Ndinawauza zonse zimene ndinasunga miyezi itatu, ndi zina za zaka zam'mbuyo zimene sizinkakhudzana n'komwe. Ndinati beseni lanu lija ndi ndimu zanu zija zabala zipatso, kololani. Anatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba pa njerwa, mpaka chakudya chinazizira.

Atalowa anaitana mwana kuti akhale pampando, ine n'kuima pakhomo la kuchipinda manja m'chiuno, ndikudikira kuti ayambenso za mwana wa mlonda.

"Jesinta," anatero, "ine ndinkagona pantchito."

Kenako anapitiriza:

"Pageti paja tinalipo awiri, ine ndi a Abdula a ku Mbayani. Sabata yoyamba yomwe anandiuza kuti, Laurenti, usiku ndi wautali, munthu mmodzi sautha. Tinaugawa pakati. Iwo ankagona kuyambira 9 koloko pa makatoni kuseri kwa geti, ine ndikuzungulira. Ikakwana 2 koloko ndinkawagwira phazi, iwo n'kudzuka, ine n'kulowa pa makatoni omwewo akadali ofunda. Mbali ya m'mawa ankaikonda chifukwa ankapemphera mbandakucha. Zaka makumi awiri tinachita zimenezo, ndipo sipanabedwe ngakhale msomali."

"Ndiye zaka zonsezi mumatinamiza?" ndinatero ine.

"Bwana akanamva akanatichotsa tonse. Ndinayamba kunena kuti sindigona pofuna kuteteza ntchito, kenako bodzalo linandikomera." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "A Abdula atamwalira bwana sanalembenso wina. Zaka zisanu ndi chimodzi zomalizazo ndi zimene ndinachezera ndekha zenizeni. Mukukumbuka, mayi a Jesinta, tsiku lija ndinabwera ndi bondo lotupa, ndikuti ndagwa m'ngalande? Ndinalowa pamsewu ndikuyenda chogona, galimoto n'kundikhudza. Kuchokera zaka zimenezo tulo tanga sitinabwererenso. Ichi ndimati mphamvuchi ndi matenda, mwananga, ndipo ine ndi manja angawa ndimakupatsira iwe."

Ndinali nditakonzeka kuseka, chifukwa mendulo ija inali itagwa. Koma nditaona nkhope yawo chifundo chinandigwira. Munthuyu analibe munda m'tauni muno, analibe sitifiketi, analibe njinga. Chake chinali chimodzi chokha chonyadira pagulu, ndipo anachiphwanya yekha pamaso pa mwana wake. Sindinawakondepo ngati mmene ndinawakondera madzulo amenewo, ngakhale sindinawauze.

"Tigawana usiku," anapitiriza. "Iwe uzigona. Kamzere kakoko ndizikalondera ine. Ine ndi kale lomwe sindigona."

Jesinta anaseka misozi ili m'maso. "Ababa, inu laputopu?"

"Ndalondera matumba a shuga a anthu osawalawa. Chingandikanike n'chiyani pamenepa?"

Anachita monga amachitira alonda posinthana. Ikakwana 9 koloko Jesinta ankapereka foni ndi laputopu m'manja mwa bambo ake, pamodzi ndi kapepala kolembapo zoti zitsike, iwo n'kubwereza mokweza kuti alandira zinthu ziwiri ndi chaja. Foni sinkalowanso kuchipinda. Munthu wolekezera Sitandade 4 anaphunzira kuyendetsa kamuvi ndi chala chake chokakala chija, lilime lili panja. Jesinta anamata kapulasitala pamalo odina kuti asasokoneze. Usiku woyamba anatseka zonse mwangozi, n'kukhala mpaka m'mawa akuyang'ana chithunzi cha maluwa. Wachiwiri anatsitsa vidiyo imodzi katatu. Pofika sabata yachiwiri anali katswiri, ndipo anayamba kumaonera mavidiyowo motsitsa mawu. Chizungu sankamva, koma maso anali nawo. Tsiku lina anandipeza ndikusamba m'manja n'kundiuza kuti ndikulakwitsa, pakati pa zala sindikupitamo. Ndinawafunsa ngati akufuna kudya kapena kutsegula chipatala.

Kwa Jesinta sizinali zophweka. Masiku oyambawo ankatuluka kawiri katatu, ati kudzamwa madzi, maso ali pa foni. Bambo ake osatembenuka n'komwe ankangoti, "Nthawi yako sinakwane." Ankabwerera akung'ung'udza kuti anzake pagulu paja akumuseka kuti wakwatiwa. Ine ndinkalowa kuchipinda kwake n'kuyamba naye kolona mumdima. Masiku oyamba tinkamaliza yonse iye ali maso. Kenako anayamba kundisiya pa chinsinsi chachinayi, kenako chachiwiri. Usiku wina ndinamva mkonono, wa bambo ake weniweni wa masiku akale, ndipo ndinakhala pamphepete pa bedi ndikungoumvetsera.

Hafu pasiti folo a Laurenti ankamugwira phazi. Ankadzuka, kusamba kumaso, n'kuonera mavidiyo ake mpaka 6 koloko. Ankati zimene kale ankabwereza katatu tsopano zikulowa kamodzi. Masaya anayamba kubwerera, ndi ulemu womwe.

Tsiku loti mawa lake ayesedwa, mphunzitsi wawo anaika vidiyo yatsopano, ya katsukidwe ndi kamangidwe ka bala, ndipo mphekesera pagulu paja inali yoti Sisita Ida amakonda kuyesa zimenezo. Chaka chimenecho magetsi ankazima ngati akulipidwa, ndipo tsikulo anapita masana osabwerera. Jesinta popereka zinthu zija anagwira dzanja la bambo ake.

"Ababa, batire ya laputopu ndi yochepa. Ikafa vidiyo isanathe, mundidzutse. Ndionera pa foni pomwepo bandulo isanathe. Lonjezani."

"Ndalonjeza."

Cha m'ma 1 koloko ndinamva wina akundigwedeza phewa.

"Mayi a Jesinta, yafa. Kamzere kanali pakati."

"Nanga mukudzutsa ine, ndine ndikulemba mayeso? Kamudzutseni mwini wake, munalonjeza."

Anatenga kandulo, ine pambuyo. Anakankha katani ya chipinda cha mwana n'kuima. Jesinta anali atagona chafufumimba, kukamwa kuli yasa, dzanja limodzi likulendewera pansi. A Laurenti anatambasula mkono kuti amugwire phazi, n'kuubweza. Anaima pamenepo mpaka phula la kandulo linawadonthera pa chala.

"Loweruka ndikalapa kwa abambo mfumu," ananong'ona, n'kuzimitsa kanduloyo.

Sindinawatsutse. Koma kunena zoona ndinachita mantha, ndipo sindinagonenso.

M'mawa kunali moto. Jesinta atamva kuti vidiyo palibe, bandulo yatha, ndipo foni nayo yazima, analira ngati kamwana. Kenako anawayang'ana bambo ake n'kunena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandipweteka.

"Munanamiza anthu zaka zonse zija, lero mwanamiza ine. Ndikalephera mudziwe kuti ndi inu."

Ndinafuna kumuwomba khofi, wamkulu yemweyo, koma a Laurenti anandigwira mkono. Anangoti, "Wagona maola asanu ndi awiri ndi theka, mwananga. Pita." Jesinta anatuluka osamwa tiyi, osatsanzika.

Tsiku limenelo kumsika sindinapite. A Laurenti anatulutsa mpando pakhonde n'kuuyang'anitsa kunjira yochokera ku siteji. Phala anakana, chakudya cha masana anakana. Kamodzi kokha anandifunsa kuti, "Kodi ndalakwa?" Ine, amene ndimakhala ndi yankho pa chilichonse, ndinati sindikudziwa.

Cha m'ma 4 koloko ndinalephera kupirira. Ndinatenga ndowa ngati ndikupita ku mpopi, n'kukaima pamphambano. Ndinamuona akutsika minibasi, chikwama chili pachifuwa, nkhope yosawerengeka. Atandifika sanadikire kuti ndifunse.

"Linali bala lomwelo, amayi. Bambo wina wa chilonda cha pamwendo."

Anapitiriza:

"Nditaima pabedipo mutu unali mbee. Ndinakumbuka mmene Sisita anachitira sabata yatha ine ndikuwagwirira tireyi, chilichonse mwa ndondomeko yake. Penapake ndinalakwitsa, ndinakhudza thonje loyera ndi gulovu yakuda. Ndinaona ndekha, n'kunena, n'kusintha, n'kuyambiranso. Manja sananjenjemere." Anatsegula chikwama n'kundionetsa buku lija, siginecha ya buluu ili pansi pa tsamba. "Sisita ati wolakwitsa n'kudziona yekha angathe kumusiyira wodi. Ababa ali kuti? Ndinawayankhula zoipa."

Tinayenda mothamanga, ndowa yopanda madzi ikundimenya mwendo. Titakhota pa mpanda wa aneba tinawaona. Anali pampando pomwe paja, nkhope kunjira, koma mutu utagwera paphewa, chipewa chili pansi, manja ali lende. Anali m'tulo tofa nato, dzuwa likuwawomba kumaso, ana a aneba akusewera mpira chapafupi pomwepo iwo osamva kanthu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaitane amve nkhani yabwino. Jesinta ananditseka ndi chikhatho.

"Asiyeni, amayi. Ndidikira."

Anatola chipewa chija, n'kukhala pansi pa simenti pafupi ndi mapazi awo, yunifolomu yoyera yomweyo, buku lili pamiyendo lotsegula pa tsamba losainidwa kuti akadzuka aliwone poyamba. Ine ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukalirira kumeneko, poti kulira kwanga n'kwaphokoso.